Bakasana, kuima ndi manja okha: phindu lake ndi zoyenera kusamala

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene mwakhalitsa pa yoga. Pali kaimidwe kaja ka bakasana, komwe umanyonyomala, kuika zikhatho pansi, kusanjika mawondo pamikono, kenako mapazi n'kuchoka pansi, thupi lonse n'kutsamira pamanja. Ndakhala ndikuyeserera m'mawa ndisanapite kuntchito, koma mapazi akukana kunyamuka, ndipo pamfundo ya dzanja lamanja pakumapweteka mpaka masana, makamaka ndikamalemba pa kompyuta. Ululu umenewu ndi wa aliyense woyamba kumene, kapena ndisiye? Nanga phindu lake lenileni n'chiyani, kupatula chithunzi chokongola cha pa Facebook?

Yamikani: Asisi, apa nkhani ndi mphamvu basi. Menyani ma push-up mwezi wathunthu mudzandiuze. Ife kujimu timaimika thupi ndi manja osadziwa n'komwe kuti zili ndi dzina la ku India. Ululuwo ndi umene umakhwimitsa munthu.

Chikondi wa ku Joni: A Yamikani, musawasocheretse asisiwa. Kumene ndimaphunzira kuno kuli mayi wina wachikulire, woonda, yemwe push-up imamuvuta, koma pa bakasana amakhala phee, akupuma bwinobwino, pomwe anyamata a zifuwa zazikulu akugwa chafufumimba. Chonyamula mapazi si kudumpha, si kukankha, ndi kupendekera kutsogolo. Taganizirani sikelo ija ya mbale ziwiri ya pamsika. Manja ndiye pakati pake, mutu ndi chifuwa ndi mbale imodzi, matako ndi mapazi ndi mbale inayo. Ngati mbale yakumbuyo ikulemerabe, mapazi sachoka pansi ngakhale mikono italimba chotani. Mukapendekera mokwanira, mapewa n'kudutsa pamwamba pa manja, mapazi amapepuka okha. Chimene chimatikaniza ambirife ndi mantha omenyetsa nkhope pansi, ndiye timaima theka la njira n'kuyamba kukankha ndi mphamvu zonse. Pamenepo ndi pomwe dzanja limapwetekera.

Tadala: Mantha amenewo ndiye angadi 😂 m'nyumba mwanga ndi pasimenti.

Mayi Nachisale: Tadala mwana wanga, simentiyo isakudetse nkhawa, choopsa ndi matiresi. Manja amafuna polimba. Ukaika zikhatho pamatiresi kapena pamati yokhuthala kwambiri, tsinde la chikhatho limamira, dzanja n'kupindikira kumbuyo kuposa muyeso. Yala mkeka kapena mati yopyapyala, pilo uike kutsogolo pomwe chipumi chingagwere, osati pansi pa manja.

Kenako chita motere. Nyonyomala mapazi atayandikana, mawondo atatseguka. Zikhatho pansi, motalikirana molingana ndi mapewa ako, zala zotambasula, cha mkombaphala chikuloza kutsogolo. Kweza matako m'mwamba, pinda zigongono ziloze kumbuyo, usazitayire m'mbali. Mawondo akwere kumtunda kwa mkono, kufupi ndi kukhwapa mmene ungathere. Asakhale pachigongono penipeni, pamenepo pamapweteka komanso pamaterera. Maso ayang'ane pansi, patsogolo pang'ono pa zala. Ukayang'ana kumapazi, mutu umalowa m'kati ndipo umagubuduka. Ndiye pendekera pang'onopang'ono mpaka phazi limodzi lipepuke. Linyamule, libwezere, unyamule linalo. Masabata oyamba zimenezo n'zokwanira. Usadumphe, odumpha ndi amene amaphwanya mphuno.

Yamikani: Amayi, zonsezo ndikuvomera, koma musanene ngati mphamvu ilibe ntchito.

Mayi Nachisale: Ili nayo ntchito, a Yamikani, koma si ya chifuwa imene inu mumaitukumulayo. Ndi ya pamimba, ya m'mapewa ndi ya zala. Munthu amakankha pansi mpaka msana wakumtunda upindike, amakokera mchombo m'kati, zidendene n'kuzikokera kumatako, mawondo akufinya mikono. Zala nazo sizigona. Ukaona kuti ukupitirira kutsogolo, umakanikiza nsonga za zala pansi ndipo thupi limabwerera. Ukamabwerera kumbuyo, umamasula zala pang'ono. Muyang'ane manja a munthu wodziwa ali pa bakasana, muona nsonga za zala zikuyera, kufiira, kuyeranso, chifukwa zikugwira ntchito nthawi yonseyo.

Bambo Kamwendo: Ndalowa mochedwa, ndinali ndi odwala. Ntchito yanga ndi ya mafizo, ndiye ndiyankhe za ululuwo, chifukwa mawu akuti ululu umakhwimitsa andidetsa nkhawa. Pamfundo ya dzanja pali timafupa 8, tondanda m'mizere iwiri, tomangidwa ndi timinyewa. Dzanja la munthu wamba limapindikira kumbuyo madigiri pafupifupi 70. Bakasana imafuna 90, mwinanso kuposa mukapendekera kutsogolo, ndipo pamwamba pake mwasenzetsapo thupi lonse. Munthu wa makilogalamu 70 ndiye kuti dzanja lililonse lanyamula 35. Bondo ndi akakolo zinazolowera katundu wotere kuyambira tili ana. Dzanja la munthu wokhalira kompyuta ndi foni silinazolowere. Chinanso, minofu imalimba msanga, m'masabata ochepa mumamva kusintha, koma minyewa yomanga mfundo imachedwa, imafuna miyezi. Anyamata a kujimu amavulalira pamenepa, mikono yakonzeka koma mfundo isanakonzeke.

Musiyanitse ululu wa mitundu iwiri. Kuphwanya kwa minofu ya mkono tsiku lotsatira, komwe kumatha kokha pakapita masiku awiri kapena atatu, si vuto. Koma kubaya kapena kutsina pamfundo penipeni mukatsamira, ululu wotsalira mpaka masana monga akunenera a Tadala, kutupa, kapena dzanzi m'zala, zimenezo zikusonyeza kuti mwapyola muyeso. A Tadala, lipumitseni kaye dzanjalo, musalitsamire mpaka litasiya kupweteka pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Ululu ukapitirira masabata awiri, pitani akakuoneni.

Tadala: Zikomo bambo. Dzanzilo limabwera nthawi zina usiku, chala chachikulu ndi cha mkombaphala, mpaka ndimadzuka n'kumakutumula dzanja. Koma linayamba kale ndisanadziwe za yoga.

Bambo Kamwendo: Mwachita bwino kunena. Pali mtsempha wonyamula mauthenga, madokotala amautcha median, womwe umadutsa m'kanjira kopapatiza pamfundopo, mbali ya chikhatho, limodzi ndi minyewa 9 yopinda zala. Ukapanikizika, dzanzi limagwira chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete, chaching'ono chokha n'kupulumuka. Imeneyo ndiyo carpal tunnel syndrome, ndipo kudzuka usiku n'kumakutumula dzanja ndi chizindikiro chake chodziwika. Kupindira dzanja kumbuyo kwambiri kumawonjezera kupanikizika m'kanjirako, ndiye bakasana ndi chimodzi mwa zinthu zomwe dzanja lotero silifuna. Munthu sapimidwa pafoni, choncho kaonaneni ndi dokotala, bakasana iyambe yadikira. Akakuyezeninso shuga, chifukwa matenda a shuga, vuto la chithokomiro komanso pakati zimakonda kuyenda ndi vutoli.

Yamikani: Eee, ndiye nditenge mawu anga 🙈 komabe ma push-up a zibakera angachite, dzanja likhale lowongoka.

Bambo Kamwendo: Pamenepo tikugwirizana. Chibakera kapena zogwirira zija za push-up zimasunga dzanja lowongoka, ndiye mapewa amalimba mfundo ikupuma. Koma ayambe aonedwa kaye.

Limbani: Pa nkhani yakugwa ndiwonjezepo. Mphwanga anaona kanema wina, n'kukwera pabenchi kuti amujambule ali pa bakasana, kumbuyo kukuoneka phiri. Benchi linagwedezeka, iye n'kutera ndi chikhatho pansi. Dzanja silinatupe kwenikweni, X-ray yoyamba sinaonetse kanthu, tonse tinati wangobinya. Koma ukakanikiza pakadzenje kaja ka patsinde pa chala chachikulu ankalumpha ndi ululu, ngakhale kutsegula botolo kunkamukanika. Atabwerera kuchipatala anapeza kuti kafupa kena kathyoka, ndiye anavala chikhakha mpaka kutopa nacho.

Bambo Kamwendo: Kafupa kameneko ndi scaphoid. Pa timafupa 8 tija, ndi kamene kamathyoka kawirikawiri munthu akagwera chikhatho. Kamavuta pawiri. Nthawi zina sikaoneka pa X-ray ya tsiku loyamba, n'chifukwa chake amajambulanso pakatha masiku 10 mpaka 14. Chachiwiri, magazi amafika movutikira kumbali yake ina, ndiye kakanyalanyazidwa kamatha kukana kulumikizana. Aliyense wogwera chikhatho n'kumamva kuwawa pakadzenje kameneko asamangosisita ndi mankhwala opaka. Kwa amayi amene anasiya kusamba, mafupa amayamba kufooka, ndipo lomwe limakonda kuthyoka ndi fupa la mkono lotchedwa radius, kufupi ndi dzanja. Amene anauzidwa kuti ali ndi osteoporosis, matenda ofooketsa mafupa, asalowe m'masewera okhala ndi ngozi yakugwa ngati amenewa. Ndipo bakasana ichitikire pansi, osati pabenchi, pathanthwe kapena pakhonde lalitali.

Esnart: Anthuni mwatiopseza mokwanira 😅 nanga phindu lija? Ine ndinawerenga kuti imasungunula mafuta a pamimba, imatsuka chiwindi, imathandiza kugaya chakudya, ena mpaka akuti imathandiza kubereka.

Memory: Asisi Esnart, ine ndine namwino, za chiwindi ndi kuberekazo zisiyeni. Chiwindi ndi impso zimasefa magazi usana ndi usiku popanda wozifinya ndi mawondo. Za mafutazo, thupi silisungunula mafuta pamalo pomwe mukulimbitsa minofu, limachotsa ponseponse malinga ndi zimene mukudya komanso mmene mukuyendera. Minofu ya pamimba ikhoza kulimba ndithu, mimbayo ili pomwepo. Masekondi 20 pamanja sangabweze mbale ya chipisi ya pachiwaya.

Lusungu: Malonjezo amenewo ali ndi kumene anachokera, ndipo eni ake si bakasana n'komwe. Buku lakale la ku India, Hatha Yoga Pradipika, la m'zaka za m'ma 1400, limafotokoza maimidwe 15 okha, ndipo bakasana mulibe. Muli kaimidwe kena ka pamanja kotchedwa mayurasana, komwe zigongono zimabaya pamimba mbali zonse za mchombo, thupi n'kuwongoka mopingasa m'malere. Za kameneko ndiye bukulo limati kamathetsa matenda a m'mimba, kamakoleza moto wogaya chakudya, mpaka munthu kugaya chiphe choopsa chotchedwa kalakuta. Mmene ndikuonera ine, olemba a pa intaneti amangotola malonjezo otere n'kuwamata pa kaimidwe kalikonse ka pamanja. Dzina la bakasana limadzapezeka pambuyo pake, pamndandanda wa maimidwe 84 wa m'buku la Hatha Ratnavali la m'ma 1600. Mmene timaichitira lero, pamati, pakati pa maimidwe ena otsatizana, zinafala m'zaka za m'ma 1900, makamaka kudzera mwa ophunzira a Krishnamacharya, yemwe ankaphunzitsa yoga ku Mysore, ku India, m'ma 1930. Odziwika kwambiri mwa ophunzirawo ndi B.K.S. Iyengar ndi Pattabhi Jois.

Memory: Pa chiphecho ndiikepo mawu, chifukwa mauthenga a pagulu amayenda kutali ndipo wina akhoza kuwatenga mmene alili. Munthu akamwa mankhwala a mbozi kapena a makoswe, thamangirani naye kuchipatala.

Blessings: Komatu abale, mukatchula mabuku amenewo mtima wanga umagunda. Maimidwe amenewa si kupembedza milungu ya Ahindu kodi?

Mayi Nachisale: A Blessings, nkhani imeneyo tinaikambirana motalika mwezi watha, mauthenga alipo, mubwerere kumtunda. Yoga inachokera m'zipembedzo za ku India, palibe akubisa, ndipo aliyense aone ndi chikumbumtima chake. Lero tili pamanja.

Ndibwerere kwa Esnart. Phindu lilipo mwana wanga, koma tilinene mmene lilili. Choyamba, manja, mikono ndi mapewa zimazolowera kunyamula thupi, chinthu chomwe ambirife tinasiya tsiku lomwe tinasiya kukwawa. Minofu ya pamimba ndi ya m'kati mwa ntchafu imagwira ntchito yolemera kuti mawondo asatsike. Kunyonyomala kuja kumamasula m'chiuno ndi akakolo, zomwe anthu a pampando wa muofesi zikuwathawa, pomwe agogo kumudzi amanyonyomala pamoto osaganizako. Koma chimene ine ndimachikondera ndi china. Sungakhale pamanja uku ukuwerengetsa ngongole ya ku banki mkhonde. Maganizo akangochoka, wagwa. Kwa kanthawi kameneko mutu umakhala pa chinthu chimodzi, mpweya ndi nsonga za zala, ndipo pali masiku ena pomwe kanthawi kameneko ndi kokhako komwe mutu wanga wapuma.

Bambo Kamwendo: Pa mapewa ndiwonjezere. Pali mnofu wina m'mbali mwa nthiti, pansi pa kukhwapa, wotchedwa serratus anterior, womwe umagwira fupa lakumbuyo kwa phewa kuti limatirire kunthiti. Kukankha pansi kumene anena amayi kuja kumaulimbitsa, ndipo phewa lokhazikika bwino limathandiza ponyamula zinthu m'mwamba. Koma tisakokomeze. Malangizo a bungwe la WHO a 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati, monga kuyenda ndawala, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Bakasana ikhoza kulowa pang'ono m'gawo lachiwirilo. Gawo loyamba siilikhudza n'komwe. Ndipo minofu yambiri imene bakasana imalimbitsa, push-up kapena plank (kukhala osasuntha thupi lili lowongoka ngati poyambira push-up) ikhozanso kuilimbitsa popanda ngozi yakugwa. Ochita bakasana achite chifukwa ikuwasangalatsa, asadzinamize kuti thanzi lawo likuidalira.

Chikondi wa ku Joni: Bambo Kamwendo, apo pokha ndikutsutsani pang'ono. Plank siphunzitsa munthu kugonjetsa mantha. Tsiku lomwe mapazi onse awiri amachoka pansi koyamba, ngakhale kwa sekondi imodzi, munthu amatuluka m'kalasi akuyenda mwina.

Bambo Kamwendo: Sindikukana asisi, ndipo chosangalatsa munthu ndi chomwe amachipitiriza. Ine ndimangoona amene atuluka akugwira dzanja.

Bambo Mbewe: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndili ndi zaka 63, ndimamwa mankhwala a BP, ndipo adokotala a maso anandipeza ndi glaucoma, ndimadontheza mankhwala usiku uliwonse. Zidzukulu zikundinyengerera kuti ndiyese, izo zimangochita ngati masewera pabwalo. Ndiyese kodi?

Memory: Ayi bambo, imeneyi isiyireni zidzukulu. Izo n'zopepuka, ndipo zikagwa zimagwera pafupi. Kwa inu zifukwa ndi ziwiri. Munthu akalimbitsa minofu osasuntha, BP imakwera kwakanthawi, ndipo imakwera kwambiri akabanika mpweya n'kumatchima. Oyamba kumene ambiri amatero osadziwa, mumaona nkhope yafufuma, mitsempha ya pakhosi yaima. Chachiwiri ndi maso. Glaucoma imawononga mtsempha wa diso, ndipo mankhwala mukudonthezawo ntchito yake ndi kutsitsa kupanikizika kwa m'disomo. Mutu ukakhala m'munsi kuposa mtima, kupanikizikako kumakwera. Mu 2015 akatswiri a ku New York Eye and Ear Infirmary of Mount Sinai anasindikiza zomwe anapeza atayeza maso a anthu, ena a glaucoma ena opanda, ali pa maimidwe anayi a yoga. Kupanikizika kunakwera m'magulu onse awiri, ndipo kunakwera kwambiri pa downward dog, kaimidwe komwe manja ndi mapazi zili pansi, matako m'mwamba, mutu utalendewera pakati pa mikono. Bakasana sinali pa anayiwo, koma woyamba kumene amakhala matako m'mwamba mutu m'munsi, kuphatikiza kutchima kuja. Zomwe glaucoma yawononga sizibwerera, ndiye palibe chifukwa choseweretsa maso chifukwa cha kaimidwe kamodzi.

Bambo Mbewe: Ndamva mwanangu. Komatu downward dog mwatchulayo ndimachita m'mawa uliwonse.

Memory: Mukapita kukatenga mankhwala muwauze adokotala a maso, muwaonetse ndi chithunzi chake kuti amvetse chomwe mukunena. Pakadali pano muziichita manja ali pakhoma, thupi lowerama pang'ono chabe, mutu usatsike kuposa chifuwa. Msana ndi kumbuyo kwa miyendo ziwongoka chimodzimodzi.

Ndipo poti ndayamba, ndimalize. Amayi oyembekezera asaichite. Mimba imasintha pomwe thupi limalemerera, mfundo zimakhala zomasuka kuposa kale, manja ambiri amatupa ndi kuchita dzanzi, ndipo kugwera pamimba si nkhani yoseka. Amene achira kumene, makamaka ndi opareshoni, adikire mpaka achipatala atawalola kunyamula zolemera. Chimodzimodzi amene anachitidwa opareshoni ina iliyonse ya pamimba posachedwa, ndi amene ali ndi chotupa cha heniya pamchombo kapena m'mphechepeche, chifukwa kaimidweka kamakankha za m'mimba ndi mphamvu. Ndipo tonsefe, osaichita titangodya nsima.

Mayi Nachisale: Pa kupuma paja ndi pomwe ndimayezera ophunzira anga. Ndimamuuza munthu awerenge mokweza ali pamanja. Akalephera kutulutsa mawu ndiye kuti wabanika, atsike.

Chikondi wa ku Joni: China chomwe chimasokoneza oyamba kumene ndi zithunzi. Pali mitundu iwiri yofanana. Wina zigongono zimakhala zopinda, mawondo n'kukhala pamikono ngati pashelefu, umenewo ambiri amautcha kakasana. Winawo mikono imawongoka gwa, matako n'kukwera m'mwamba, mawondo m'khwapa, ndiyo bakasana yeniyeni ya pazithunzi. Woyambawo ndi wofikirika. Wachiwiriwo umapinda dzanja kwambiri chifukwa mapewa amapita patsogolo ndithu, ndiye kuuthamangira ndi kuitana ululu.

Lusungu: N'chifukwa chake masukulu a yoga amauika pamalo osiyana. Kwa a Sivananda, kakasana ili pa maimidwe 12 oyambirira omwe aliyense amaphunzira. Kwa a Ashtanga, a Pattabhi Jois aja, bakasana ili m'gawo lachiwiri, lomwe munthu amafikako atakhwima pa loyamba, ndipo kumeneko amafika poilowa modumpha kuchokera pa downward dog. Munthu akaona kanema wa ameneyo n'kuganiza kuti ndi zoyambira, wapusitsidwa.

Yamikani: Ine ndimachoka pa bakasana n'kutsitsa mutu pansi, miyendo m'mwamba, kenako n'kubwereranso pamanja. Anthu kujimu amaimika zitsulo kuonerera 😎

Bambo Kamwendo: Achimwene, pa zonse zanenedwa lero, imeneyo ndiyo ndimaiopa kwambiri kwa ongotsanzira. Dzanja likavulala munthu amavala chikhakha, khosi likavulala nkhani imakhala ina. M'khosi muli timafupa 7 tomwe ntchito yake ndi kunyamula mutu, osati thupi. Wodziwa amatsitsa mutu pang'onopang'ono, mikono ikunyamulabe katundu wambiri. Wosadziwa amangogwera pamutu, khosi litapindika. Muzichita inuyo ngati munaphunzira bwino, koma musaiphunzitse munthu pa WhatsApp. Imeneyo imafuna mphunzitsi ali pambali.

Yamikani: Mwamveka bwana.

Esnart: Nanga ife onenepa, a chiuno chachikulu? Tiiwale?

Chikondi wa ku Joni: Ayi asisi, ndaona amayi ojintcha akuichita bwino kuposa ine. Kungoti kulemera kukakhala kumbuyo mumayenera kupendekera kutsogolo kwambiri, ndipo manja amanyamula katundu wochuluka, ndiye nthawi yokonzekeretsa manja italike.

Esnart: Kukonzekeretsa kwake kotani?

Mayi Nachisale: Gwada, zikhatho pansi, mapewa pamwamba pa manja. Suntha thupi kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono, mawondo ali pansi, kuti dzanja lizolowere kupindika ndi katundu wochepa. Kenako nyamula tsinde la chikhatho zala zili pansi, ulitsitse, ubwereze mpaka mkono utenthe. Fumbata ndi kutambasula zala mofulumira, zungulitsa manja. Zimenezi uzichita nthawi zonse usanatsamire manja, makamaka m'mawa wa June ndi July mfundo zikakhala zouma ndi chisanu. Kulemera kuzigwera patsinde pa chala cha mkombaphala ndi chachikulu, osati kumbali ya chala chaching'ono, chifukwa ambiri dzanja limatembenukira kunja osadziwa.

Kaimidwe kenikeniko ukhoza kukaphunzira chagada. Gona, kokera mawondo kukhwapa, tambasulira mikono kudenga ngati ukukankha malata, dzutsa mutu ndi mapewa, mawondo afinye mikono. Pamimba pagwira ntchito yomweyo, dzanja lili phee. Tadala, imeneyi ndiyo yako pakadali pano. Ukafika poyesa pamanja, ima panjerwa. A Iyengar anatchuka ndi kugwiritsa ntchito zipika ndi malamba pothandiza ophunzira, ndipo sipafunika chipika chogula. Njerwa yootcha yosagwedera, kapena buku lokhuthala, imakweza mapazi, matako amayambira m'mwamba, mawondo n'kufika kukhwapa mosavuta. Bambo Kamwendo, kwa amene dzanja silifika madigiri 90 aja, thaulo lopinda pansi pa tsinde la chikhatho mukulivomereza?

Bambo Kamwendo: Ndikulivomereza amayi, bola lipindidwe molimba, likhale pansi pa tsinde lokha, zala zili pansi penipeni. Limachepetsa kupindika kwa dzanja. Amene zigongono zawo zimapindikira kumbuyo akawongola mkono, vuto lomwe ndimaliona kwambiri kwa atsikana, asamazikhome gwa, azisiyako kampata. Ndipo kuyesa kangapo kochepa, kupumira masiku pakati, kumaposa kulimbana nayo mpaka manja kunjenjemera. Anthu ambiri amagwa pomaliza, atatopa kale, pomwe akuti kamodzi komaliza.

Limbani: Funso laling'ono. Ine mawondo amangoterereka pamikono ndisanayambe n'kupendekera komwe. Ndi kufooka kwa ntchafu?

Mayi Nachisale: A Limbani, mumayesa musanasambe kapena mutasamba?

Limbani: Nditasamba amayi, ndisanavale zakuntchito.

Mayi Nachisale: Mutadzola?

Limbani: Vaseline thupi lonse, nyengo ino khungu limatuwa 😂

Mayi Nachisale: Ndiye ntchafu zanu zilibe mlandu. Bondo lodzola pamkono wodzola silingakhazikike, ndipo zikhatho za mafuta pasimenti yopolishidwa n'zoopsa kuposa pamenepo. Muziyesa musanadzole, mupukute thukuta, muvale buluku la nsalu yosaterera lofika kumusi kwa mawondo. Zikatererabe mutatero, mutumize kanema pano, wojambulidwa cham'mbali kuti tione pomwe mapewa akufika.

Limbani: Nditumiza Loweruka. A Yamikani asaseke.

Yamikani: Sindilonjeza.